Kanthawi ka pakati pa diso ndi chala

Rula ya masentimita 30, yomwe ija ana amagula pagolosale pamodzi ndi makope sukulu zikamatsegulira, ukaitaya ili chiimire imatsika utali wake wonse pa kotala ya sekondi. Zilibe kanthu kuti ndi yathabwa kapena yapulasitiki, yatsopano kapena yodyeka m'mbali. Chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndipo lamulo limeneli silisankha kuti kuno ndi ku Kachulu, uko ndi ku London. Ndiye kuti mwana aliyense amene ali ndi rula m'chikwama wanyamula wotchi yotha kuyeza tinthawi tomwe wotchi yapamkono singationetse n'komwe. Ambiri sadziwa zimenezi. Amangolembera mizere, ena kugogodera anzawo pamutu.

Ndinaphunzitsapo sayansi pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Labotale tinkangoimva dzina. Zipangizo zonse zinkakwana m'kabati imodzi mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo kiyi wake ankasungidwa mosamala kuposa zimene zinali m'katimo. Ku Domasi, komwe kuli Malawi Institute of Education, amalimbikitsa TALULAR, kuti mphunzitsi aziphunzitsira zinthu zopezeka pomwe ali. Kwa ife aphunzitsi ambiri zimenezi zimathera pa kujambula mtima wa munthu pakatoni n'kupachika kukhoma mpaka chiswe chidye. Koma pamutu wa ubongo ndi mitsempha pali ntchito imodzi imene sukulu ya kumudzi siperewera kanthu ngakhale uiike pambali pa Kamuzu Academy: kuyeza nthawi imene imadutsa kuchokera pamene munthu waona chinthu kufika pamene wachitapo kanthu.

Ndisanatulutse marula ndinkayamba ndi ndalama yapepala. Ndinkaigwira kumwamba, mwana n'kuyasamitsa zala ziwiri pakati pake osaikhudza. "Ukaigwira ndi yako." Kalasi yonse inkafuna kuyesa, ndipo ndalamayo inkabwerera m'thumba mwanga. Ndalama zathu zamapepala sizifika masentimita 15 m'litali, choncho theka lake limadutsa pazala pa masekondi pafupifupi 0.12. Zala zimatseka ndithu, koma zimagwira mphepo. Nkhope ya mwana panthawi imeneyo ndiyo phunziro lonse: waiona ikugwa, wafuna kuigwira, dzanja ndi lake lomwe, koma lafika mochedwa.

Ndi rula amakhala awiriawiri. Mmodzi amakhazika mkono padesiki, dzanja litapitirira m'mphepete, chala chamanthu ndi chamkombaphala zitayasama pang'ono ngati akufuna kutsina mchere. Mnzake amagwira rula kumapeto kwa 30 n'kuilendeweza kuti 0 akhale pakati pa zala zija. Sawerenga, sanena kuti konzeka, amangotaya. Winayo atsine msangamsanga, ndipo pamene chala chamanthu chaima ndi pamene awerenge. Abwereze kangapo, alembe zonse, ngakhale zochititsa manyazi, kenako apeze avereji, asinthane. M'kalasi ya ana ochuluka, atatu desiki limodzi, mumamveka marula akugwa pasimenti, phwa! phwa!, kuseka, kutsutsana, wina akulumbira kuti mnzake wamuyang'anitsa kumbali dala. Mphunzitsi wa kalasi yoyandikana ankabwera kudzasuzumira pazenera kuti mwina ana ali okha.

Ambiri ankagwira pakati pa masentimita 15 ndi 25. Kuti masentimitawo asanduke nthawi, umagawa ndi 490 n'kupeza square root ya yankholo. Wogwira pa 10 watenga masekondi 0.14, wa pa 20 watenga 0.20, ndipo amene wangokodola kumapeto kwa rula pa 30 watenga 0.25. Apa pali kachinyengo kamene ana sakaona msanga. Rula imathamangirathamangira ikamatsika, motero imakulitsa kusiyana kwa anthu. Wogwira pa 15 ndi wogwira pa 20 amaoneka otalikirana parula, woyambayo n'kumadzitama tsiku lonse, koma pa nthawi asiyana ndi masekondi osakwana 0.03. Kuphethira kwa diso n'kwakutali kuposa pamenepo.

Nanga masekondi 0.2 amenewa amathera kuti? Kuwala kochokera parula kufika m'diso sikutenga nthawi yoti n'kuiwerenga. Kuchedwa kumayambira kuseri kwa diso, kumene kuwalako kumasandutsidwa uthenga wa mitsempha. Uthengawo umapita ku mbali ya ubongo ya kunkhongo, kuchoka uko upite ku mbali yolamula kuyenda kwa ziwalo, utsike ndi mtsempha waukulu wa mumsana mpaka m'khosi, upatukire kumkono. Paliponse pamene mtsempha wina ukupatsira unzake pamatayika kanthawi. Ndinkawauza ana kuti agwire mkono wawo pansi pa chigongono n'kumafumbata ndi kufumbatula dzanja. Ankadabwa kumva minofu ikugunda kumeneko, poti minofu ikuluikulu yopinda zala siili m'zalamo ayi, ili pamkono, imakoka zalazo ndi mitsempha yolimba yodutsa pamfundo ya dzanja. Nayonso imafuna kanthawi kuti ikungike. N'zosiyana ndi zija zimachitika ukakhudza mphika wamoto, dzanja n'kuthawa lokha usanamve n'kupweteka komwe. Pamenepo uthenga umakhotera mumsana, sudikira ubongo. Kugwira rula kumafuna ubongo uone, uvomere, ulamule.

Kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti uthenga wa m'mitsempha umathamanga kwambiri moti palibe angauyeze. Johannes Müller, katswiri wamkulu wa za thupi ku Germany, analemba choncho, ndipo sipanapite zaka zambiri wophunzira wake yemwe, Hermann von Helmholtz, anauyeza. Munali mu 1850 ku Königsberg, ndipo anagwiritsa ntchito mwendo wa chule. Ankagunditsa mtsempha ndi magetsi pafupi ndi mnofu, kenako patali pang'ono, n'kuona kusiyana kwa nthawi imene mnofuwo unkatenga kuti ugwedere. Anapeza liwiro la mamita pafupifupi 30 pa sekondi, lomwe ndi makilomita 100 ndi kanthu pa ola, liwiro lomwe galimoto wamba imafika. Lero tikudziwa kuti mitsempha yothamanga kwambiri m'thupi la munthu imafika mamita 120 pa sekondi, pomwe ina yonyamula ululu wonyeketsa imayenda mita imodzi yokha kapena iwiri. Ana a ku Kachulu, omwe dzinja lonse amagona ndi phokoso la achule a m'njedza, anaseka kwambiri kumva kuti mzungu wophunzira anatchuka chifukwa cha mwendo wa chule. Wina kumbuyo anafunsa ngati achule a ku Chilwa sangapose a ku Germany. Ndinamuuza kuti funsolo si lopusa, popeza mitsempha ya chule imafulumira kukatentha.

Vuto la ntchito imeneyi ndi lakuti siichedwa kusanduka mpikisano. Ndisananene kanthu, anyamata anali atalemba kale mayina pabolodi, woyamba mpaka womaliza. Goloboyi wa timu ya sukulu, amene ankayenda mapewa ali m'mwamba chifukwa cha mapenate amene anagwirapo, anapezeka pa 21, pakatikati pa gulu. Kamnyamata kena kofatsa, kosadziwa n'komwe kumenya mpira, kanali pa 14. Panali chipwirikiti. "Aphunzitsi, rula yawoyo ndi yopepuka, imagwa pang'onopang'ono!" Tinasinthanitsa marula, zotsatira sizinasinthe, ndipo phunziro loti chopepuka ndi cholemera zimagwa mofanana linaphunzitsidwa tsiku limenelo mosakonzekera.

Mtima woika anthu pamzere chifukwa cha tinthawi timeneti si wa ana okha. Mu 1796 ku Greenwich, mkulu woyang'anira nyenyezi wa mfumu ya ku England, Nevil Maskelyne, anachotsa ntchito womuthandiza wake David Kinnebrook. Mlandu wake unali woti akamalemba nthawi imene nyenyezi yadutsa pakachingwe ka m'chipangizo choonera kutali, ankachedwa ndi masekondi pafupifupi 0.8 poyerekeza ndi abwana ake. Maskelyne anaona kuti ndi ulesi kapena kusatsata malangizo. Patapita zaka zoposa 20, Friedrich Bessel anayerekeza akatswiri angapo odziwika, iye mwini ali momwemo, n'kupeza kuti onse amasiyana, aliyense ali ndi kachedwedwe kakekake. Abwana aja sanali wotchi yoona, anali munthu wina chabe wokhala ndi udindo wochotsa mnzake ntchito. Francis Galton naye mu 1884 anatsegula malo oyezera anthu pachionetsero china ku London, anthu oposa 9,000 n'kulipira kuti awayeze mphamvu ya dzanja, maso, makutu ndi liwiro la nkhonya. Ankaganiza kuti miyeso yotereyi imuonetsa amene anabadwa opambana anzawo. Maganizo amenewo anabala zoipa zambiri m'zaka zotsatira. Ndinafufuta mayina aja pabolodi n'kusiya manambala okha.

Koma panali nambala ina imene inkasokoneza zonse. Mtsikana wina wa Fomu 3, wochokera pachilumba cha Chisi, amene ankachita lendi kanyumba ndi anzake pafupi ndi sukulu, ankagwira pa 4, pa 5, nthawi ina pa 3. Masentimita 4 ndi masekondi 0.09. Uthenga sungachoke m'diso, kuzungulira mu ubongo n'kufika m'zala pa nthawi imeneyo. Kalasi inakuwa kuti wabera. Ndinaima pambali pake n'kumayang'ana. Rula sankaikhudza, zala zinali zoyasama bwinobwino.

"Iwe, ukuchita bwanji?"

"Sindikubera, aphunzitsi. Ndikungomuona. Akafuna kutaya amayamba wagwira mpweya, ndiye amaluma mlomo wam'munsi. Akaluma basi ndatseka."

Woluma mlomoyo anakana kwamtuwagalu kuti sachita zimenezo. Anatayanso, kalasi yonse ikumuyang'ana kukamwa, ndipo analumadi.

M'masewero othamanga zimenezi zili ndi lamulo lake. Bungwe la World Athletics limaika zipangizo pa zitsulo zimene othamanga amapondapo poyamba, ndipo amene wakankha pasanathe masekondi 0.100 mfuti italira amayesedwa kuti sanaimve mfutiyo, wangolosera. Mu July 2022 ku Eugene, m'dziko la America, Devon Allen anachotsedwa mu mpikisano womaliza wa mamita 110 wodumpha zotchinga chifukwa ananyamuka pa 0.099. Anthu akutsutsanabe ngati malirewo ali oyenera. Usain Bolt, tsiku limene anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ananyamuka pa 0.146. Khutu limafulumira kuposa diso, choncho nambala imeneyi si yodabwitsa. Mwana wa ku Kachulu atatsinzina, n'kumadikira phokoso m'malo moyang'ana, sangatalikirane naye kwenikweni. Chimene chinamupanga Bolt kukhala Bolt chinali m'masekondi 9 otsatirawo.

Manambala a mtsikana uja ndinawachotsa pa avereji ya kalasi, ndipo ndi mmene zinayenera kukhalira. Tinkayeza nthawi ya kuona ndi kuchita, iye anali kuyeza china. Koma chinacho chinandikhala m'mutu, makamaka nditatsikira kudoko.

Kudoko la Kachulu m'mawa kumakhala piringupiringu. Mabwato amafika kuchokera ku Chisi ndi ku zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pa njedza zoyandama n'kukhalamo milungu osaponda mtunda. Azimayi ogula nsomba amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, mabeseni ali kumanja, mtengo akukambirana bwato lisanaime. Matemba amayanikidwa pathandala, milamba ikuwambidwa, utsi uli tolo. Madzi a Chilwa ndi otuwa, amchere pang'ono, chifukwa Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imathiramo koma palibe mtsinje wotulukamo. Nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri munthu amakankha bwato ndi nsungwi yofika pansi, ndipo nyanja yosaya ikakwiya siichenjeza nthawi yaitali. Mwera ukawomba, mafunde ake amakhala aafupiaafupi, otsatizana, omenya bwato m'nthiti.

Nkhani ya rula inali itafika kale kumeneko kudzera mwa ana. Mkulu wina wopalasa bwato, amene anaona nyanjayi ikuuma mu 1968 ali kamnyamata, n'kudzaionanso itauma mu 1995 ndi mu 2018, anandikodola.

"Aphunzitsi, tabwerani nakoni kandodo kanu kaja. Akuti mukuyeza anthu changu."

"Ndi masewera a ana awa, agogo."

"Inenso ndinali mwana. Tayani."

Koyamba rula inagwera mumchenga. Kachiwiri anaigwira pa 26. Anyamata okoka khoka amene anatizungulira anafa nalo phwete. Mkuluyo anaiyang'ana rula ija uku ndi uku, n'kundibwezera, osakhumudwa n'komwe. N'zoona kuti munthu akamakula kanthawi kameneka kamatalika pang'onopang'ono, ndipo zala zake zinali zokhuthala, zouma ndi nkhafi. Koma anyamata omwe ankasekawo ankadziwa bwino lomwe kuti mphepo ikavuta pakati pa Chisi ndi Kachulu, bwato lofunika kukhalamo ndi la mkulu yemweyo.

"Funde ukaliona lafika pabwato, mwana wanga, wachedwa kale," anatero. "Umayang'ana kutali uko, kumene madzi ayamba kuda. Umaona njedza mmene zaweramira. Bwato umalitembenuza funde lisanabadwe. Awa akusekawa amapalasa ndi mphamvu, koma amayang'ana pamphuno pa bwato."

Pafupi pomwepo mayi wina ankachotsa milamba yamoyo m'bwato. Mlamba ndi woterera, uli ndi minga iwiri yolimba kuseri kwa mutu, ndipo ukapindika mwadzidzidzi ungakubaye. Mayiyo sankathamangitsana nawo. Ankadikira upindikire mbali imodzi, dzanja lake n'kupita kumene mutu udzabwerere, zala n'kulowa kuseri kwa mingayo, kuponya m'beseni, maso ali pa wina. Woonerera akhoza kunena kuti mayiyu ali ndi manja achangu. Ndikukayika ngati parula akanaposa ana anga a Fomu 3.

Goloboyi uja nayenso ndi chimodzimodzi. Penate imamenyedwa pa mtunda wa mamita 11, ndipo mpira womenyedwa mwamphamvu umafika pagolo sekondi isanafike theka. Akati adikire aone kumene mpira walowera, masekondi 0.2 apita asanasunthe, ndipo otsalawo sakwana kuti thupi lonse liuluke kufika kungodya. Amene amagwira mapenate amawerenga phazi lopondera, chiuno ndi mapewa a womenyayo, n'kunyamuka mpira usanachoke. Mnyamatayo ankazichita zimenezi Loweruka lililonse osadziwa kuti akuzichita. Mtsikana wa ku Chisi anati iye anaphunzirira pa fulaye: ukakhala pakati, suyang'ana mpira, umayang'ana phewa la woponya. Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anthu amene timawatama kuti ndi achangu nthawi zambiri sanayambire limodzi ndi anzawo. Ananyamuka kale, ife tisanaone kuti pali chothamangira.

Ndiye ndimaona kuti rula imanena zoona, koma imanena zochepa. Imatiuza kuti tonse, goloboyi, mphunzitsi, msodzi ndi Bolt, tili ndi kangongole ka nthawi komwe sitingakafafanize, ndipo kusiyana kwathu pa kangongoleko n'kochepa. Kuti iyeze bwino kameneko, ntchitoyi imaletsa dala chinthu chimene anthu a kunyanja amadalira tsiku ndi tsiku. Imachotsa chenjezo lililonse, imabisa zizindikiro, imamuika munthu pamalo pamene zimene akudziwa sizimuthandiza. Mu sayansi ndi mmene ziyenera kukhalira, umayeza chinthu chimodzi zina zonse utazitsekera kunja. Cholakwika chimabwera mwana akatuluka m'kalasi akuganiza kuti 14 ndiye wochenjera, 26 ndiye wogona.

Komabe malo alipo amene zizindikiro zimasowa, kangongole kaja n'kulipiridwa ndi magazi. Mu 1868 Franciscus Donders wa ku Utrecht anaonetsa kuti munthu akamayenera kusankha chochita, nthawi imatalika kuposa pamene chochitacho ndi chimodzi chodziwika kale. Ife tinayesa ndi marula awiri, ina kudzanja lamanja, ina kumanzere, wotaya n'kusankha yekha yoti ataye. Manambala anakwera, marula ogwa pansi anachuluka. Kenako wogwira ankayenera kumawerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 100, akuchotsera 7, uku akudikira rula. Apa ndiye ngakhale kamnyamata ka 14 kaja kanayamba kugwira mphepo.

Ndinkaumirira gawo limeneli chifukwa ndinkadziwa kumene anyamata ambiri a m'kalasimo adzathere akalemba MSCE. Ena kunyanja, ena pa njinga zamoto za kabaza, kunyamula anthu ndi madengu a nsomba kupita ku Zomba. Pamsewu munthu sakhala atayasamitsa zala kudikira chinthu chimodzi. Mbuzi imatulukira kuseri kwa nyumba, mwana amathamangira mpira, ndipo uyenera kuona, kuzindikira, kusankha pakati pa buleki ndi kukhota. Zimenezi zimatenga sekondi ndi theka mosavuta, ndipo akatswiri olemba mapulani a misewu ku America amawerengera masekondi 2.5. Njinga yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Pa sekondi ndi theka yayenda mamita 25, buleki isanagwidwe n'komwe. Tinatuluka panja ndi chingwe n'kuyeza mamita 25 kuchokera pakhomo la kalasi. Anatifikitsa kupitirira mtengo umene ana ankakhala pansi pake pa nthawi yopuma. Anyamata anaima kumapeto kwa chingwecho n'kumayang'ana kumene tachokera, wina n'kunena chapansipansi kuti mchimwene wake amayendetsa foni ili pakhutu.

Tulo nato timalowa m'nkhaniyi. Mu 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa ntchito yofuna diso ndi dzanja mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Nyengo imene matemba agwa, ana ena ankabwera m'kalasi atachezera kudoko, maso ali psuu, malaya akununkha utsi. Rula yotayidwa kasanu kapena kakhumi singakhale umboni wa kafukufuku, ndipo ndinkawachenjeza ana kuti asamathamangire kugamula ndi manambala ochepa. Chimene chinkaoneka ndi maso n'chakuti wosagonayo ankatha kugwira pa 18 kawiri motsatizana ngati wina aliyense, kachitatu rula n'kudutsa yonse iye ali duu, zala zosasuntha n'komwe. Pa avereji sizioneka kwambiri. Panjinga kamodzi kameneko n'kokwanira.

Ife aphunzitsi tili ndi rula yathu imene timataya tsiku lililonse osaizindikira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe, mphunzitsi wa sayansi ku America, anajambula mawu m'makalasi ambiri n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako amaloza wina kapena kudziyankha yekha. Aphunzitsi atazolowetsedwa kudikira masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana amene ankangokhala chete anayamba kuyankha. Uko n'kumene mwana amafunsidwa m'chinenero cha kwawo. Kuno kuyambira Sitandade 5 funso limabwera m'Chingerezi, kwa mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe. Alimve, alitembenuze, aganize, asake mawu, alimbe mtima kuimika dzanja, zonsezi pa sekondi imodzi. Amene amakwanitsa timawatcha anzeru, ndipo ena mwa iwo angophunzira kuwerenga nkhope ya mphunzitsi, kudziwa yankho limene akulifuna funso lisanathe. Luso limenelo si lonyozeka, koma si limene timanena kuti tikuyeza. Otsalawo timawalembera kuti ndi ochedwa kumva, ndi mtima womwe uja wa Maskelyne.

Mlungu wotsatira phunziro la rula lija, ana okha anakonza njira yotsekera mpata uja wowerenga nkhope ya wotaya. Anadula katoni ya sopo n'kuiimika padesiki kuti nkhope ndi dzanja la wotaya zibisike, wogwira azingoona kumunsi kwa rula. Mtsikana wa ku Chisi anagwira pa 18, pa 19, pa 17, pakati pa anzake onse, ndipo anyamata anaomba m'manja ngati agwira mbala. Iye sanatsutse. Anangopempha kuti katoniyo ichotsedwe, tsopano akhale wotaya ndi iyeyo. Anakhala tsonga, nkhope ili gwa, akupuma mwakachetechete, nthawi zina n'kuluma mlomo dala osataya, zala za mnyamata n'kutseka pa 0, kalasi n'kuseka. Akataya zenizeni panalibe chosonyeza. Aliyense amene anakhala patsogolo pake anatuluka ndi nambala yoipa kuposa ya mlungu wathawo, zomwe zinasonyeza kuti kalasi yonse inkawerenga nkhope za otaya pang'onopang'ono, kungoti iye yekha ndiye ankadziwa kuti akutero. Goloboyi anachoka pa 21 kufika pa 24, ndipo anapempha kuti abwereze mawa lake atadya.